Kalata kwa a Nduna ya Zokopa Alendo: bwerani mudzakhale pansi pa mkuyu wathu ku Nkhotakota

Olemekezeka a Nduna,

Ndine mwana wa ku Linga, ku Nkhotakota boma, panopa ndimakhala ku Lilongwe chifukwa cha ntchito koma mchombo wanga uli kumeneko. Ndalemba poyera dala kuti anzanga akunyanja awerenge nawo.

Inu mukamalankhula za zokopa alendo mumatchula Cape Maclear, phiri la Mulanje, Liwonde, zonsezo nzabwino sindikutsutsa. Ifenso tili nazo bwana. Mukadzuka mbandakucha nkupita kudooko mumapeza nyanja ili zii, mabwato akubwera ndi usipa, amayi atayala kale mabeseni, dzuwa likutulukira tsidya la Mozambique lofiira psuu. Kumwera kuli Chia komwe minibasi iliyonse imaima pa mlatho anthu nkumalimbirana chambo, kumpoto mtsinje wa Bua komwe mpasa umakwera kukaswana nthawi ya mvula, ndiye pali madzi otentha a pa Mawira amene tinkasamba tili ana osadziwa nkomwe kuti kwina anthu amalipira ndalama kuti aone zoterezi. Nkhalango yathu inatsala pang'ono kutha nyama, koma bungwe losamalira nyama zakutchire la African Parks atayamba kuyang'anira mu 2015 anabweretsa njovu pafupifupi 500 kuchokera ku Liwonde ndi Majete mu 2016 ndi 2017, pano zadzadza moti nthawi zina zimakacheza m'minda ya anthu, imeneyo ndi nkhani ina.

Koma chandilembetsa ndi mbiri. Cha m'ma 1840 kunafika Salim bin Abdallah, Mswahili amene anadzatchuka ndi dzina loti Jumbe, nkumanga linga lake pano. Anthu ankagwidwa kumtunda, kuwasonkhanitsa pa gombe lomwe lija timasambapo, kuwakweza m'zombo kuwoloka nyanja kenako ulendo wapansi mpaka ku Kilwa kukagulitsidwa. Ambiri sankafika. David Livingstone anafika kuno mu 1861 ndipo atabweranso anakhala ndi Jumbe pansi pa mkuyu kumupempha kuti asiye malonda a akapolo, Jumbe sanasiye, mpaka Harry Johnston anadzapangana ndi Jumbe wina wa pambuyo pake mu 1889. Mkuyuwo ulipobe, kufupi ndi mishoni ya Anglican. Mu tchalitchi cha pamenepo ndi momwe anaikidwa bishopu Chauncy Maples amene anamira panyanja mu 1895, yemwe dzina lake linapatsidwa sitima ija. Ndipo ndi kuno komwe mu 1960 msonkhano wa Malawi Congress Party unapanga Kamuzu kukhala pulezidenti wa chipani wamuyaya. Zonsezi m'katauni kamodzi koti mutha kukazungulira pa kabaza ola limodzi lisanathe!

Ndiye tamvani izi. Chaka chatha ndinapita ndi ana anga kumudzi, tinaima pa mkuyu paja ndipo ndinafunsa kamnyamata kena ka sukulu kamene kankadutsa kuti mtengowu ngwa chiyani, kanandiyankha kuti "ndi pomwe azungu amajambulitsa". Ndinaseka koma mumtima munandiwawa. Ine mbiriyi sindinaiwerenge m'buku poyamba, anandiuza ndi agogo anga aakazi tikupeta mpunga pakhonde, ndipo ankatsitsa mawu akamatchula Jumbe ngati ali kuseri kwa nyumba akumva. Agogo oterowo akutha, tikuwaika mmodzimmodzi.

Pempho langa si lalikulu ayi. Njira za akapolo ndi za Livingstone zinalembedwa kale mu 2011 pa mndandanda wa UNESCO wa malo oyembekezera kuvomerezedwa ngati chuma cha mbiri cha dziko lonse lapansi, tithandizeni kukankha kuti nkhaniyi isangogona m'mafayilo. Ku Karonga ali ndi myuziyamu yawo ya mafupa a chinyama chakalekale chotchedwa Malawisaurus, ife tikungopempha kanyumba ngakhale ka zipinda ziwiri, zikwangwani zolembedwa m'Chichewa osati Chingerezi chokha, ndi anyamata ndi atsikana akonkuno ophunzitsidwa kufotokozera alendo. Tumizani anthu ndi makamera akajambule achikulire, Asilamu ndi Akhristu omwe, poti mbiriyi ili mbali zonse, ena mwa ife ndife zidzukulu za ogwidwa ena za ogwira ndipo lero tinakwatirana, timadyera mbale imodzi. Osaibisa, ifotokozedwe momwe inalili.

Komanso mukakumana ndi anzanu a zamisewu muwanong'oneze za M5, mlendo wochoka ku Salima asamafike msana utathyoka.

Mukabwera musathere pa hotela nkudya chambo basi. Pitani pa mkuyu paja madzulo, muitane mafumu ndi amashehe, mudzamva nokha. Mpunga tikuphikirani wa kilombero.

Ine wanu,
Mwana wa ku Linga