Tikuthira mchere tisanalawe n'komwe

Akonzi,

Ndiloleni ndiyankhule ndi anzanga a kuno ku Mzuzu pa nkhani ya mchere. Ndimaphika m'kalesitilanti kufupi ndi depoti ya mabasi, ndipo masana alionse ndimaona zomwezomwezo: munthu ukangomuikira nsima ya usipa, dzanja lathamangira kale kambale ka mchere asanalawe n'komwe. Chonsechotu ndiwozo ndathiramo kale.

Bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO limati munthu wamkulu asafike magalamu 5 a mchere patsiku. Imeneyo ndi supuni ya tiyi imodzi basi, kuyambira kudzuka mpaka kukagona. Tsono tawerengani. Buledi wam'mawa ali ndi mchere. Tchipisi cha pachiwaya ku Zigwagwa mnyamata amawaza, inu n'kuwonjezanso wosakaniza ndi tsabola uja. Madzulo pa kanyenya, nthuli iliyonse kusunsa pamulu wa mchere. Kunyumba mayi athira mumphika, aponyamonso kyubu ndi kapaketi kokometsera soya, osadziwa kuti timeneto n'todzaza ndi mchere. Ngakhale soda wam'therere ali ndi sodiyamu, yemweyo amene ali mumchere ndipo amakweza BP.

Mchere ukachuluka thupi limasunga madzi, magazi amathamanga mopanikiza mitsempha, mtima ndi impso n'kumatopa. Kuipa kwake, munthu amangoyenda bwinobwino osamva kupweteka. Kafukufuku wa Unduna wa Zaumoyo wa 2009 anapeza kuti pafupifupi munthu mmodzi mwa atatu alionse a zaka 25 mpaka 64 m'dziko muno anali ndi vuto la BP yokwera, ndipo ambiri sankadziwa. Akagwa ndi sitiroko, ife timathamangira kunamizira agogo akumudzi.

Sindikuti tiusiyiretu ayi. Mchere wa ayodini umatiteteza ku chithokomiro, koma pang'ono pomwepo ukwanira.

Ine timbale tija ndinatichotsa pamatebulo, wofuna azichita kupempha. Bambo wina anandinena kuti ndayamba kuumira, ngati mchere ndiye ungandigwetse bizinesi! M'ndiwo ndimachulutsa anyezi, tomato, adyo ndi nsinjiro, pa nsomba ndimu. Lilime limazolowera pakapita milungu ingapo, ndipo makasitomala anga akubwerabe.

Pempho langa kwa azaumoyo a ku Mapale ndi kuchipatala chachikulu: muzibwera ndi makina oyezera BP m'misika ndi kudepoti kuno. Akabaza ndi amayi ogulitsa masamba sangasiye geni kukaima pamzere kuchipatala pomwe sakumva kudwala.

Mayi wophika,
Chibavi, Mzuzu