Kakabudula kanga kosambirira kandidanitsa ndi mwana wanga

Azakhali,

Ndine bambo wa zaka 47, wapabanja, wa ana awiri. Nkhani yangayi ena aiseka, koma ine yandisowetsa mtendere.

Chaka chatha msana unandizunza moti ngakhale kuwerama kuti ndimange nsapato chinali chintchito. Adokotala anandilangiza kuti ndiyambe kusambira, poti m'madzi thupi limapepuka ndipo msana sunyamula katundu ngati mmene zimakhalira pothamanga. Ndinamvera. Katatu pamlungu ndimapita kudziwe losambiramo anthu onse, lotalika mamita 25, ndipo ndimapita n'kubwerera maulendo 20, yomwe ndi kilomita yathunthu. Panopa msana unaleka kundidzutsa usiku.

Masiku oyamba ndinkalowa m'madzi ndi kabudula wampira. Amene anayesapo akudziwa mavuto ake. Amafufuma ngati thumba, amakukokera m'mbuyo, ukati udumphire m'madzi amafuna kuvuka, ndipo ukatuluka amakanirira pathupi n'kuonetsa zomwezo umati ukubisa. Mphunzitsi wina wa kusambira ataona mmene ndinkavutikira anati ndigule kakabudula ka akatswiri aja, kakafupi kothina, kamene ambiri amangokatchula kuti Speedo potengera dzina la kampani. Sindikana, kamafanana ndi kabudula wamkati. Koma nsalu yake ndi ina, simwa madzi, siionekera mkati ikanyowa, ndipo imauma msanga.

Milungu itatu yapitayo, ndikutuluka m'madzi, mnyamata woyang'anira osambira ananditengera pambali. Anayankhula motsitsa mawu, maso ali pansi. "Pepani bambo, pali amayi ena adandaula kuti pano pamabwera ana. Mwina mukamabweranso muvale kabudula wotalikirapo." Ndinamufunsa lamulo limene ndaphwanya, iye n'kungokanda kumutu. Tinapita limodzi pachikwangwani cha pakhomo. Chimaletsa jinzi, zovala zamkati ndi zathonje, kenako n'kunena kuti aliyense avale zosambirira zoyenera. Basi. Zoyenera kwa yani, sichinena.

Chimene chinandiwawa n'chakuti nthawi yomweyo m'madzimo munali anyamata atatu atavala matisheti athonje ndi makabudula amatumba omwe anabwera nawo kuchokera kunja. Iwowo ndiye anaphwanya lamulo lolembedwa, ndipo lamulolo lili ndi chifukwa chake. Thonje limamwa madzi n'kulemera, limasosoka tiulusi timene timakatseka masefa, ndipo chovala chimene munthu wayenda nacho tsiku lonse chimalowetsa fumbi ndi thukuta m'madzi, zomwe zimachepetsa mphamvu ya klorini. N'chifukwa chake ku France maiwe ambiri a anthu onse amachita zosiyana ndi zimene ndinauzidwazi: mwamuna wa kabudula wotaya amabwezedwa, wololedwa ndi wa kothina ngati kanga. Ndiye chovala chimodzimodzi, kwina ndi lamulo, kwina ndi chamanyazi?

Amayi ovala bikini nawonso amabwera, ndipo chovala chimenechi si chachilendo, chinatuluka mu 1946. Palinso mayi wina amene amasambira atafunda thupi lonse, kusiya nkhope, manja ndi mapazi, koma ndi nsalu yosambirira. Onsewa palibe amawayankhula, ndipo n'zoyenera kutero. Sindikufuna wina athamangitsidwe chifukwa cha ine ayi.

Ndinkaganiza kuti kunyumba akandimvera chisoni. Mayi akunyumba anaseka mpaka misozi. "Inu abambo, ndi mimba imeneyo? Ine ndinaona kalekale, ndimangoopa kukukhumudwitsani." Zimenezo ndinapirira, takhala zaka 19 tikunyogodolana. Chimene chinandilasa ndi mwana wanga wamkazi wa zaka 15. Loweruka lililonse tinkapita limodzi, ndipo ndine ndinamuphunzitsa kupuma ali m'madzi. Miyezi iwiri yapitayo anayamba kupereka zifukwa, lero mutu, mawa homuweki. Tsiku limene ndinafotokoza nkhaniyi kunyumba ndi pamene anaulula. "Adadi, anzanga akusukulu amasambiranso komweko. Amandiseka." Ananena akuyang'ana kukhoma, kenako n'kulowa kuchipinda.

Kuyambira pamenepo ndimadziona mwachilendo. Kale ndinkachoka m'chipinda chosinthira zovala maganizo ali pa madzi basi. Tsopano ndimadzikulunga thaulo mpaka m'mphepete mwa dziwe, kuliponya, n'kulowa msangamsanga ngati wakuba. Mlungu watha ndinapitako kamodzi kokha, ndipo msana wayambanso kulasa.

Njira yapakati ilipo, ndikudziwa. Pali kabudula wosambirira wothina koma wofika m'mawondo, amenenso akatswiri amavala. Ndinagula, koma akadali m'pepala lake. Ndikamugwira mtima umandiuza kuti ndikamuvala ndiye kuti ndavomera kuti miyezi yonseyi ndimachita zopanda ulemu pamaso pa ana, chonsecho sindinayang'anepo munthu molakwika, ndimangowerenga maulendo anga. Mwina ndi kunyada chabe kwa munthu wamkulu. Ngati ndi choncho mundiuze mosabisa.

Ndithandizeni, Azakhali. Kodi ndipite kwa amanijala kukapempha kuti alembe momveka zimene amaloleza, kuti mnyamata uja asamavutike kutanthauzira lamulo malinga ndi amene wadandaula tsikulo? Kapena ndikatero ndidzangodziwika ngati bambo wovuta uja wa kakabudula? Nanga mwanayu ndimuyambe bwanji? Sindikufuna akule akuganiza kuti anthu akakuseka ndiye kuti walakwa, makamaka iye amene akukula ndipo anthu adzanena zambiri za thupi lake ndi zovala zake. Komanso sindikufuna kupambana mkangano n'kumasambira ndekha.

Dzulo wandiuza kuti Loweruka likubwerali akhoza kupita nane, koma anafunsa kaye kuti ndivala chiyani. Ndinamuyankha kuti ndiganiza. Makabudula onse awiri ali pabedi, chikwama chili chotsekula. Ndilongedze uti?

Ine wanu,
Bambo wothedwa nzeru