Mayi wa thupi laling'ono ayambe wayeza msana asanagule chikwama cha kutchire

A Mkonzi,

Tiloleni tiikepo mlomo pa nkhani imene ambiri amaiona ngati yaing'ono mpaka tsiku limene mapewa ayamba kuwotcha munthu ali pakati pa tchire. Ulenje wovomerezeka kuno ku Zimbabwe umachitika kwambiri m'chilimwe, kuyambira cha mu Meyi mpaka Okutobala, ndipo olowa m'tchire masiku ano si abambo okha. Gulu la amayi oteteza nyama la Akashinga linayamba ku Phundundu, m'chigwa cha Zambezi, mu 2017. Palinso atsikana ophunzira ntchito yoperekeza alenje ndi alendo, ndi amayi amene amasaka okha ali ndi chilolezo cha ZimParks, bungwe la boma loyang'anira nyama zakutchire, komanso chikalata cha mfuti chochokera kupolisi. Pakati pathu a Chichewa kuno ku Harare funso limamveka kawirikawiri: mwana wanga wamkazi ndi wamfupi, wochepa thupi, ndimugulire chikwama chobereka kumsana chopepuka chotani?

Funsolo limayambira polakwika. Kupepuka kubwere pambuyo. Choyamba ndi kutalika kwa msana wa mwini chikwamacho, chachiwiri ndi lamba wa m'chiuno. Chikwama cha magalamu 800 chimene chamutalikira chimamutopetsa kuposa cha kilogalamu imodzi ndi theka chimene chamukwana, chifukwa chokwana chimatsitsira katundu m'chiuno pamene chosakwana chimamupachika m'mapewa.

Kuyeza kwake n'kosavuta, koma pamafunika anthu awiri ndi tepi ya telala. Woyezedwa aime chilili, aweramitse mutu. Kumbuyo kwa khosi kumatumphuka fupa limodzi lalikulu kuposa anzake, apo ndiye poyambira. Kenako agwire m'chiuno manja onse awiri pamwamba penipeni pa mafupa a m'mbali, zala zazikulu zikuloza kumsana. Mzere wolumikiza zala ziwirizo ndiye pothera. Mnzake ayendetse tepi motsata msana, osati kuikoka mowongoka. Amayi ambiri a thupi laling'ono amapeza masentimita 36 mpaka 42, pamene zikwama zambiri zolembedwa kuti n'za aliyense zinasokedwera msana wa masentimita 46 mpaka 51. Musaweruze poona msinkhu. Amayi awiri ofanana kutalika akhoza kusiyana msana ndi masentimita 5, wina miyendo yaitali, wina thunthu lalitali.

Chikwama chikatalikira msana pamachitika zinthu ziwiri. Mukamanga lamba pamalo pake, malamba a m'mapewa amayandama n'kusiya mpata wolowa chibakera, ndipo katundu amagwera chagada, amagwedezeka pa phazi lililonse. Mukakoka malambawo kuti agwire mapewa, lamba wa m'chiuno amatsikira m'matako, amamanga ntchafu pokwera chitunda. Onjezerani pamenepo kuti mutu wa chikwama umagunda chipewa nthawi zonse mukafuna kuyang'ana m'mwamba kapena kugona chafufumimba kuti muombere. Chikwama chikafupikira, lamba amakwera pamimba n'kupanikiza mpweya.

Lamba wa m'chiuno ndi amene ayenera kusenza gawo lalikulu la katundu, pafupifupi magawo 7 kapena 8 mwa magawo 10. Mayi aliyense amene anaberekapo mwana amadziwa zimenezi: mwana womangidwa bwino, wokhala pachiuno ndi wokhudza msana, mumayenda naye mpaka kuchigayo, koma wolendewera amakuthyolani khosi musanatuluke pabwalo. Yezani chiuno pamwamba pa mafupa aja, osatengera nambala ya siketi kapena thalauza. Malamba ambiri amayamba kugwira pa masentimita 70 kapena kuposa, choncho wochepa thupi amakoka chingwe mpaka kumapeto lamba akadali wokhwepa. Mukamanga, mbali ziwiri za siponji zikute mafupa a m'chiuno ndi kusiya mpata wa masentimita 8 mpaka 15 kutsogolo. Zikakhudzana, lambayo wakula, musagule. Mpatawo ndi umene mudzakokere mukavula juzi ya m'mawa wa Juni n'kutsala ndi malaya opyapyala masana, kapena mukatsika thupi pambuyo pa masabata oyenda.

Malamba a m'mapewa nawo ali ndi nkhani yake. Owongoka anasokedwera chifuwa cha mwamuna, ndipo kwa mayi amadutsa pabere n'kupanikiza. Funani opindika ngati chilembo S, amene amazungulira kunja kwa chifuwa n'kulowa kukhwapa. Akatalikirana kwambiri pamwamba amaterereka paphewa lopapatiza, akayandikana kwambiri amasupula khosi. Posokedwa pake kumsana pakhale masentimita 3 mpaka 5 m'munsi mwa nsonga ya phewa. Kalamba ka pachifuwa kakhale kotheka kukweza ndi kutsitsa, ndipo kamangidwe masentimita awiri kapena atatu m'munsi mwa mafupa a pansi pa khosi. Makampani ena amasoka poganizira zimenezi: Deuter amalemba SL pa zikwama za amayi, Osprey ali ndi zolembedwa WXS/S. Zikwama za achinyamata zotheka kusintha kutalika kwa msana zimakwananso amayi ambiri afupi, ndipo palibe chochititsa manyazi pamenepo.

Pali chimodzi chimene ogulitsa m'tauni sachiganizira, n'chifukwa chake tikuchitchula mwapadera. Siponji yochindikala ya paphewa imakankhira mfuti kutsogolo. Mayi wa manja aafupi amavutika kale ndi mfuti zimene zinapangidwira abambo, ndiye mukaonjezera sentimita imodzi ndi theka ya siponji diso silifikanso bwino pagalasi loonera, ndipo mfuti imakodwa m'lamba pokweza. Sankhani malamba opyapyala koma olimba, opanda kathumba kapena chomangira cha pulasitiki pamalo potsamira mfuti. Yeserani kunyumba mfuti ilibe chipolopolo, chikwama chili kumsana. Onaninso ngati lamba wa chikwama sakutsekereza lamba wa zipolopolo ndi mpeni. Ngati zikulimbana, sunthirani zipolopolo m'kathumba ka pa lamba wa chikwama.

Tsopano kulemera. Lamulo limene oyenda m'tchire ambiri amatsata ndi lakuti katundu wa tsiku limodzi asapose gawo limodzi mwa magawo 10 a kulemera kwa thupi, wa masiku angapo asapose gawo limodzi mwa magawo 5. Mayi wa makilogalamu 50 ali ndi makilogalamu 5 a tsiku limodzi. Werengani nokha. Lita imodzi ya madzi ndi kilogalamu imodzi, ndipo m'chigwa cha Zambezi, kumene Okutobala amapyola madigiri 40, malita 3 ndi ochepetsetsa. Chikwama chopanda kanthu chikakhala kilogalamu imodzi, yatsala imodzi yokha ya chakudya, mankhwala ndi mabandeji, tochi, mpeni ndi kajekete. Mfuti yokhala ndi galasi lake imalemera makilogalamu 3 ndi theka mpaka 4, ndipo sitinaiwerenge. Apa ndi pamene kupepuka kumakhala ndi tanthauzo. Chikwama cha malita 20 mpaka 28, cholemera kilogalamu imodzi kapena kupitirira pang'ono, chimakwanira tsiku lonse. Wogona kutchire masiku awiri kapena atatu afune cha malita 40 mpaka 50 chosapyola kilogalamu imodzi ndi theka. Chachikulu kuposa apo chimangokunyengani kudzazamo zosafunika.

Malangizo ambiri a pa intaneti amachokera kwa alenje a ku America amene amasenza nyama kumsana kuchokera m'mapiri, ndipo zikwama zawo zimakhala ndi felemu yolemera makilogalamu awiri ndi theka kapena atatu zilibe kanthu. Kuno, kaya ndi ku Save Valley, ku Matetsi kapena ku Chewore, madera osakirako nyama, nyama yophedwa imatengedwa ndi galimoto ndi anyamata a pamsasa. Kugula chifelemu chotere n'kutaya theka la katundu amene thupi lanu lingasenze. Komabe musathawire ku chikwama chopanda felemu n'komwe. Pakhale kachitsulo kopepuka kapena chipepala cholimba cha pulasitiki kumsana, chifukwa popanda icho chikwama chimapindika ndipo lamba wa m'chiuno sasenza kanthu.

Nsalu yopepuka kwambiri, ya manambala ngati 70D kapena 100D (manambalawa amasonyeza kukhuthala kwa ulusi), imang'ambika pa minga ya kankhande tsiku loyamba. Ya 1000D siing'ambika msanga koma ndi yolemera pachabe. Pakati pake, 330D mpaka 500D, ndi pamene tikulangiza. Ikandeni ndi chikhadabo m'sitolo momwemo: yolira kwambiri idzaliranso podutsa m'tsanya ndi m'zitsamba zouma, ndipo nswala imamva patali. Zomata za Velcro n'zaphokoso kwambiri, timapini ta zipi tachitsulo timalira ngati mabelu, koma timeneti mutha kudula n'kumangapo kachingwe. Chikwama chikhale chopapatiza, chosapyola m'lifupi mwa mapewa anu, chopanda maukonde akunja okodwa m'minga.

Mtundu ukhale wakhaki, wobiriwira mozimirira kapena wofiirira. Wabuluu ndi wakuda amaitana ntchentche za kashembe. Ndipo kumbukirani kuti kuno anthu wamba saloledwa kuvala nsalu ya mawangamawanga ya asilikali. Lamulolo limanena za zovala, koma palibe chifukwa chokakanganirana ndi apolisi pamsewu chifukwa cha chikwama.

Musagule osayesa chili ndi katundu. Mapaketi atatu a shuga a makilogalamu awiri amakwanira. Masulani zingwe zonse, berekani, mangani lamba wa m'chiuno poyamba, kenako malamba a m'mapewa, kenako tizingwe tiwiri ta pamwamba tokokera chikwama kumsana, timene tiyenera kupendekera pafupifupi madigiri 45, ndipo pomaliza ka pachifuwa. Ambiri amayamba ndi mapewa, ndipo akatero lamba amangokhala chokongoletsa. Yendani mphindi 20, kwerani masitepe, weramani, tembenukani mwadzidzidzi. Zala zikachita dzanzi ndiye kuti malamba akupanikiza mitsempha ya paphewa. Mukagula, kayeseni ulendo wa maola angapo ku nkhalango ya Mukuvisi Woodlands mu Harare kapena pa matanthwe a Domboshava kunja kwa mzindawu musanapite nacho kuchigwa. Polongedza, madzi ndi zolemera zikhale moyandikana ndi msana, pakati pa mapewa ndi chiuno, zopepuka pansi ndi kunja.

Ambiri a ife tidzagula cha kaunjika, ku msika wa Mupedzanhamo ku Mbare kapena kwa ogulitsa mabhero (mitolo ya kaunjika) m'misewu, ndipo kumeneko zikwama zabwino zimapezeka ndithu. Tembenuzani m'kati: utoto woletsa madzi ukamamata m'manja, kusendeka kapena kununkha, nsaluyo yakalamba. Finyani siponji ya lamba. Ikapanda kubwerera, yafa, ndipo idzakudyani mafupa a m'chiuno. Kokani mwamphamvu pamene malamba a m'mapewa asokedwa, chifukwa apo ndi pamene zikwama zimayambira kuthothoka. Pindani pang'ono mano a chomangira cha lamba muone ngati alibe mng'alu. Zipi yotseguka kumbuyo kawirikawiri imangofuna kamutu katsopano, ndipo zipi zolembedwa dzina la kampani ya YKK zimakonzeka bwino.

Telala wa makina olimba, kapena wosoka nsapato, angakuchitireni zambiri: kufupikitsa zingwe zolendewera n'kuwotcha nsonga zake kuti zisamasuke, kusuntha kalamba ka pachifuwa, kusintha chomangira, ngakhale kusokerera siponji yopyapyala m'kati mwa lamba amene wakula pang'ono. Chimene sangathe popanda kuononga chikwama ndi kufupikitsa msana wosokedwa kale, chifukwa felemu, malamba ndi tizingwe ta pamwamba zonse zinayezedwa pamodzi. Choncho popita kumsika tengani tepi ndi manambala anu awiri, ya msana ndi ya chiuno, ndipo muyeze chikwamacho kuchokera pakati pa lamba wa m'chiuno kufika posokedwa malamba a m'mapewa. Muyesowo uchepere nambala ya msana wanu ndi masentimita 3 mpaka 5.

Ndife owerenga anu,
Mufakose, Harare