Ubongo wa munthu wamkulu umasinthabe

Akonzi,

Ndiloleni nditsutse amene amati ubongo wa munthu wamkulu sungasinthenso. Ku London, wofuna kuyendetsa takisi amaloweza misewu pafupifupi 25,000 yozungulira Charing Cross, malo a pakati pa mzindawu, akumazungulira pa njinga yamoto zaka zitatu kapena zinayi. Mu 2000, Eleanor Maguire wa ku University College London anajambula ubongo wa madalaivalawa ndi makina a MRI. Mbali ya kumbuyo ya hippocampus, chigawo cha ubongo chosunga mapu a malo, inali yaikulu kuposa ya anthu ena, makamaka mwa amene agwira ntchitoyi zaka zambiri. Mu 2011, mwa ophunzira ntchitoyi 79, mbaliyi inakula mwa 39 okha amene anakhoza mayeso.

Vuto liliponso, ndipo tisalibise: mwa madalaivala a takisiwa, mbali ya kutsogolo ya hippocampus inali yocheperapo, ndipo ankavutika kukumbukira zojambula zovuta. Madalaivala a basi, oyenda njira imodzimodzi tsiku ndi tsiku, kusinthaku analibe.

Wowerenga nyuzipepala yanu