Za ana ovina a ku Korea omwe kwawo si ku Korea

Aise,

Undikhululukire kaye, voisi noti yako ija ndinaimva tsiku lomwelo koma kuti ndiyankhe ndi pomwe panavuta, sukulu yatifinya masabata awiri onsewa komanso kuzizira kwayambapo kuno ku Seoul moti ukangotulutsa foni panja zala zimachita kuuma gwa. Lero Lamulungu ndakhala pansi ndi tiyi wanga kuti ndikulembere bwinobwino poti nkhani ya mwana wakoyo siyoyankha ndi mawu awiri.

Nde ukuti mwakangana kunyumbako eti, iye akuti gulu lomwe likumuthera bandulo ndi la K-pop, nyimbo za magulu ovina a ku South Korea zija, iwe utasuzumira pa foni yake wapezamo mtsikana wakuda ngati ife tomwe, wina ngati Mmwenye, wina mzungu, nde wamuuza kuti asakunamize awa si aku Korea kkkk. Dzina la gululo sunanditchulire koma ndikuganiza kuti ndi KATSEYE, apo ayi BLACKSWAN. Ngati ndi BLACKSWAN ndiye wakudayo ndi Fatou, anabadwira ku Senegal nkukulira ku Belgium, ndipo gulu limenelo pofika 2023 munalibiretu wa ku Korea ngakhale mmodzi, munali iyeyo, wina wa ku India, wina wa ku Brazil, wina wa ku America, koma akumaimba Chikoreya ndithu pa TV za konkuno. Ngati ndi KATSEYE ndiye ndi Manon, wa ku Switzerland koma bambo ake ndi a ku Ghana. Amenewa anawapanga ndi kampani ya HYBE, ija ya gulu lotchuka la anyamata la BTS, mogwirizana ndi Geffen Records ya ku America, analembetsa atsikana opitilira 120,000, anatengapo 20 kukapikisana, otsala 6 ndi omwe anatuluka mu 2024, wa ku Korea mmodzi yekha, amakhala ku Los Angeles, amaimba Chingerezi. Nde iwe sukunama, mwananso sakunama.

Ine mmene ndaonera pa zaka zomwe ndakhala kunozi, K-pop si dzina la nyimbo ngati mmene timanenera kuti manganje kapena rege, yoti ukangomva ng'oma wadziwa kale. Ukatseka maso nkumangomvera upeza muli hip hop, muli R&B, muli zija za m'madisiko a ku Ulaya, pena zonsezo mu nyimbo imodzi ya maminitsi atatu, ndipo zambiri amalemba nawo ndi anyamata a ku Sweden ndi ku America omwe makampani amawaitana kudzakhala mu situdiyo sabata yonse akungopeka. Mu 2024 gulu la LE SSERAFIM linatulutsa nyimbo yomwe nditaimva koyamba mu shopu ndinaima kaye, mabesi ake amapiano enieni a ku Joni, ndinachita kuyang'ana uku ndi uku ngati ndili mu minibasi ya ku Area 25. Ndiye ngati nyimbo zake zili zosakaniza chonchi, oimbanso ndi osakaniza, chimatsala ndi chani chomwe tikuti K? Chimatsala ndi kaphikidwe. Amatenga mwana wa zaka 13 kapena 15, amamuika mu hositelo, kuvina m'mawa mpaka usiku, kuimba, zilankhulo, kayankhulidwe pa kamera ngakhale kamwetulidwe, ena zaka ziwiri ena zisanu ndipo ambiri amabwezedwa kwawo osatulukako nkomwe. Akatuluka ndiye kontirakiti yake nthawi zambiri ndi ya zaka 7, boma linaika malire amenewa mu 2009 zitaoneka kuti ena ankamangidwa zaka zoposa 10.

Tsopano chifukwa chomwe amaikiramo ana akunja, apa ndi pomwe ndimafuna umvetse poti iwe ndi munthu wa geni. Ukukumbuka mmene tonse tinasandukira masapota a Orlando Pirates nthawi ija Gabadinho ankagoletsa kumene kuja? Kapena pano anthu oti sadziwa kuti Kansas City ili mbali iti ya America koma amadziwa kuti Kansas City Current yasewera bwanji chifukwa cha Temwa Chawinga. Basi ndi zomwezo. South Korea ili ndi anthu pafupifupi 51 miliyoni, ana akubadwa ochepa, msika wa pakhomo ndi wochepa poyerekeza ndi ndalama zomwe amathira pophunzitsa gulu limodzi. Nde mwana aliyense wakunja ndi khomo lolowera m'dziko lakwawo. Kampani ya JYP Entertainment inaika Nichkhun wa ku Thailand mu 2PM kale mu 2008, kenako BamBam mu GOT7 limodzi ndi Jackson Wang wa ku Hong Kong. Kampani ya YG inaika Lisa mu BLACKPINK mu 2016, mtsikana wa ku Buriram, ndipo ku Thailand amamutenga ngati mbendera yoyenda. Mu 2021 anangotchula pa pulogalamu ina kuti wapukwa timipira ta nyama tomwe amagulitsa pa siteshoni ya sitima kwawoko, mavenda aja anadzuka mawa lake maoda atawachulukira mochita kusowa pogwira. Tangoganiza munthu angotchula kanyenya wa pa Chigwirizano dziko lonse nkukhamukira pomwepo.

Ndili ndi mnzanga wa m'kalasi, mtsikana wa ku Thailand, tsiku lina anandikoka kuti ndimuperekeze ku Hongdae, dera la achinyamata konkuno ku Seoul. Tinalowa mu shopu ya zimbale, anagula chimbale chimodzimodzi makope anayi, ine kudabwa kuti kodi ena akutumizira abale? Ayi. Titangotuluka anakhala pa benchi nkuyamba kung'amba mapulasitiki, ma CD osawayang'ana nkomwe, iye akufuna kakhadi kakang'ono ngati ka ATM kokhala ndi chithunzi cha membala mmodzi, ndipo sudziwa kuti mkatimo muli ka ndani mpaka utatsegula. Katatu konse kanatuluka ka ena, nkhope inagwa ngati wafedwa, kachinayi kanatuluka ka mnyamata wa kwawo yemwe amamufunayo, anakuwa mpaka anthu kutembenuka, kenaka anakalowetsa mu kapulasitiki kolimba mosamala ngati chiphaso cha ukwati. Makadi atatu enawo anakasinthanitsa ndi atsikana ena pompo pa msewu. Pobwerera mu siteshoni ya sitima yapansi anandionetsa chikwangwani chachikulu chowala, chofunira tsiku lobadwa labwino membala wina, pansi pake palembedwa kuti alipira ndi mafani a dziko lakuti, osati kampani ayi, ana asukulu kusonkherana okha kuti wakwawo asaoneke wamasiye pakati pa anzake. Ndinangoti mmm, amene anaganiza zimenezi geni amaidziwa.

Ku Japan ndi komwe kuli ndalama zenizeni, msika wa nyimbo wachiwiri pa dziko lonse kutsatira America, ndipo anthu ake amagulabe ma CD. Nchifukwa chake TWICE itatuluka mu 2015 munali atsikana 9, asanu a ku Korea, atatu a ku Japan omwe ndi Momo, Sana ndi Mina, ndi Tzuyu wa ku Taiwan. Pofika kumapeto a 2017 anali ataitanidwa kale ku Kohaku, pulogalamu ya pa TV ya NHK ya usiku wolowera chaka chatsopano yomwe banja lonse ku Japan limaonera, pamene ubale wa maboma awiriwa umakhala wokokanakokana chifukwa cha mbiri ya utsamunda. Nyimbo imodzimodziyo amaijambula kawiri, ya Chikoreya ndi ya Chijapani, chikuto china, vidiyo ina, mafani nkugula zonse.

Koma khomo lomwelo mphepo imaloweranso. Nkhani ya Tzuyu imandikhudza mpaka lero. Kumapeto a 2015 ali pa pulogalamu ina ananyamula kambendera ka Taiwan, kwawo, monga anzake ananyamulanso za kwawo. Ku China zinavuta, anthu pa intaneti kulusa kuti mwanayu akufuna Taiwan ikhale dziko palokha, malonda anayamba kugwedezeka, nde pa 15 January 2016 panatuluka vidiyo, mwana wa zaka 16 atavala zakuda, nkhope yotuwa, akuwerenga pa pepala kuti China ndi imodzi ndipo akupepesa, nkuwerama. Mawa lake kunali chisankho cha pulezidenti ku Taiwan chomwe anapambana Tsai Ing-wen, ndipo vidiyo ija inakwiyitsa anthu ambiri kumeneko. Iwe uli ndi mwana wa msinkhu womwewo, tangoganiza akumuimika pa kamera kuti apepese chifukwa chogwira mbendera ya Malawi. Pomutsatsa ankati onani tili ndi wa ku Taiwan, zitavuta mtolo wonse anasenza yekha.

A kampani ya SM Entertainment nawo China inawaotcha zala. Mu 2012 anatulutsa EXO, anyamata 12 ogawidwa pawiri, EXO-K yoimba Chikoreya ndi EXO-M yoimba Chimandarini cha ku China, nyimbo zomwezo mavinidwe omwewo. Pa pepala zinali bho. Koma mu 2014 Kris ndi Luhan anakasuma kuti achoke, 2015 Tao naye ulendo, anabwerera kwawo ku China komwe dzina linali litakula kale. Kenako 2016 South Korea itavomera kuika zida za America zotchinga mizinga zotchedwa THAAD, China inangotseka chitseko mwakachetechete, oimba a ku Korea osaonekanso pa TV kapena m'makonsati akuluakulu kumeneko. Nde mu 2019 SM inatulutsa WayV, anyamata ophunzitsidwa ku Seoul koma opanda wa ku Korea, oimba Chimandarini, pansi pa lebo ya dzina lina. Katundu yemweyo, chikwangwani cha pa shopu chokha ndi chomwe anasintha.

Mwini JYP, Park Jin-young, ananena poyera mu 2018 kuti ntchitoyi ili ndi masitepe atatu, poyamba kugulitsa kunja oimba a ku Korea, kachiwiri kusakaniza ndi akunja, kachitatu kupita kwawoko nkukapanga gulu la eni dera okhaokha. Chomwe chinatsatira ndi NiziU mu 2020, mogwirizana ndi Sony Music ya ku Japan, atsikana 9 oimba Chijapani. Ndiye mkangano womwe uli kwanuwo unabuka kunonso, ena akuti iyi ndi J-pop ya ku Japan basi, ena akuti ayi taonani mavinidwe ndi K-pop yeniyeni, enanso kudandaula kuti tikugawa nzeru zathu kwa anthu omwe mawa adzatilanda msika. Palinso XG, yomwe inatuluka mu 2022, mamembala 7 onse a ku Japan, kampani yawo ili pansi pa Avex ya ku Japan, koma anaphunzira mwa njira ya kuno, amaoneka pa mapulogalamu a nyimbo a kuno, nkumaimba Chingerezi. Ukawafunsa kuti ndinu K kapena J iwo amati ndife X-pop kkkk, kuzemba kwanzeru, poti akati K akwiyitsa akwawo, akati J ataya mafani akunja omwe amasaka nyimbo ndi dzina la K-pop. Ngakhale mkulu wa HYBE, Bang Si-hyuk, ananenapo mu 2023 kuti kuti zipite patali mpofunika kuchotsa K pa K-pop. Anthu omwe anadyera chilembo chimenechi ndi omwe akuti chayamba kuwathina.

Omwe ine amandisangalatsa ndi a ku Philippines. SB19 anaphunzitsidwa ndi kampani ya Chikoreya ku Manila, anatuluka mu 2018, poyamba anthu ankawaseka kuti ndi okopera. Iwo anakakamira kuimba Chitagalog, nkumadzitchula kuti P-pop, kenako mu 2023 anatsegula kampani yawoyawo nkumadziyendetsa okha. Anaphunzira kuphika kwa eni nkukaphika ndiwo zakwawo. A ku Japan njira yawo ndi inanso, gulu lawo la atsikana la AKB48 linangobereka nthambi, JKT48 ku Jakarta mu 2011, BNK48 ku Bangkok, MNL48 ku Manila, mayunifomu ofanana, nyimbo zomasulira, ana a komweko, ndipo kwa iwo mtsikana safunika atuluke atapsa kale, mafani amalipira kuti azimuona akukula pang'onopang'ono.

Mwina udabwa kuti nanga bwanji a ku Africa kuno ndi ochepa chonchi m'magulu amenewa. Ine ndimaona kuti nkhani ndi thumba. Amayang'ana komwe anthu angagule makope anayi a chimbale chimodzi ndi tikiti ya konsati, ife timaonera pa YouTube ndi TikTok bandulo ikalola basi. Ng'oma zathu ndiye akuzitenga kale, Lisa mu 2025 anaimba ndi Tyla wa ku South Africa pa chimbale chake. Tsiku lomwe adzaone kuti Lagos kapena Johannesburg ikugula, udzamva kuti kuli ma odishoni, usadzadabwe. Ndipo mwana wakoyo akadzati adadi ndikufuna ndikayese, udzandiimbire kaye tidzakambirane za hositelo zija ndi kuyezedwa pa sikelo.

Pakadali pano musiye azivina, bola homuweki azimaliza. Undifunsire kuti gulu lake ndi liti ndipo amakonda membala uti, ndikapita ku Hongdae ndikamusakira kakhadi kake, mnzanga uja akandithandiza kusinthanitsa poti ine ndekha angandibere. Pali mkulu wina akubwera kumudzi mwezi wa mawa ndimupatsira. Iweyo pobwerera umupatsire usipa ndi ufa pang'ono, woyera osati mgaiwa, kuno ndatopa ndi mpunga wonata. Upereke moni kwa alamu ndi kwa mayi, uwauze kuti jekete lija anandipatsa likugwira ntchito.

Ndine mnzako uja wa ku Seoul.