Agalu akuluakulu tisawasinthire chakudya mwadzidzidzi

Akonzi,

Ndati ndilembeko za agalu akuluakulu timaweta pakhomowa, ma Boerboel ndi ma German Shepherd. Ambirife tayamba kusiya chakudya chouma cha m'matumba chija nkumawapatsa nyama yaiwisi, sizolakwika ayi koma ena akungoponya mnofu wokhawokha basi.

Wanga amalemera makilo 40, ndinamusinthira tsiku limodzi, anatsegula m'mimba masiku atatu mpaka amangogona pakhonde osadzuka ngakhale munthu agogode pageti, mtima unandiwawa kwambiri chifukwa wolakwa ndinali ine.

Chonde sinthani pang'onopang'ono, masiku 7 mpaka 10, mukuchepetsa chakalecho. Patsiku galu amene wamaliza kukula adye 2 mpaka 3 peresenti ya kulemera kwake, wangayu ndi kilo imodzi, yambiri ikhale nyama, pang'ono mafupa aiwisi ofewa monga makosi a nkhuku kuti apeze calcium wolimbitsa mafupa ake, ndi zamkati pang'ono, chiwindi chikachuluka amatsegulanso m'mimba. Mafupa ophika musayerekeze, amathetheka nkuboola matumbo. Ana agalu a mitundu ikuluikuluyi funsani kaye adokotala a ziweto, mafupa awo akukula. Mukamaliza tsukani mbale, mpeni ndi m'manja ndi sopo, nyama yaiwisi imatha kukhala ndi tizilombo toyambitsa matenda ta salmonella ndipo ana athu amasewera pomwepo.

Wowerenga wanu,
Area 25, Lilongwe