Lipoti la msonkhano wa aphunzitsi a chess: French Defence ya Ding Liren

A Pampando ndi mamembala nonse a kalabu,

Munatituma kuti tikamve ngati French Defence (kuyamba gemu poyankha 1.e4 ndi 1...e6) ndi yoyenera kuphunzitsa ana athu okapikisana. Yankho lomwe tabwera nalo ndi inde, koma osati momwe timaiphunzitsira pano.

Nthawi yambiri inathera pa gemu yoyamba yolimbirana ukatswiri wa dziko lonse ku Singapore pa 25 November 2024, pomwe Ding Liren wa ku China, atagwira zakuda, anagonjetsa Gukesh wa ku India pa move 42. Inayamba chonchi: 1.e4 e6 2.d4 d5 3.Nc3 Nf6 4.e5 Nfd7 5.f4 c5 6.Nce2 Nc6 7.c3 a5 8.Nf3 a4 9.Be3 Be7 10.g4 Qa5.

Zoyera zamanga mzere wa ma pawn pa c3, d4 ndi e5, ndipo zikukonza f5 kuti zithyole mbali ya king. Zakuda sizidikira. c5 ikugogoda d4, ndipo pawn ya a ikuthamanga mpaka a3. Gukesh atayankha 12.b3, c3 inatsala yopanda pawn yoiteteza. Pambuyo pa 12...cxd4 13.b4 naponso pa c4 panatseguka, palibe pawn yothamangitsa wolowapo. Knight ya Ding inadutsa b6, c4 mpaka b2, rook inakhala pa c8, queen nkulowa pa d3. Pawn ya c3 ija inadyedwa pa move 25. Ding sanafulumire castling, anaipanga move 30 itadutsa, chifukwa kubisa king msanga kumene g4 ndi f5 zikulunjika nkudziika pamoto.

Apa ndi pomwe ana athu amagwera: amachedwetsa c5, amathamangira castling, bishop ya c8 nkutsekeredwa kuseri kwa e6 mpaka gemu kutha. Bd7 ndi Rc8 zizibwera msanga.

Wotchi inakambidwanso mwachidule. Malamulo anali maola awiri pa ma move 40 oyamba, popanda masekondi owonjezera, ndipo Gukesh anafika pa move 40 nthawi itatsala pang'ono kumuthera. Komabe mpikisano wonse anapambana ndi iye, 7.5 kwa 6.5.

Tikupempha komiti ivomereze kuti ana ongoyamba kumene apitirize 1...e5, French tiisiyire omwe alowapo kale mpikisano. Amenewa Loweruka lililonse aziyambira pamalo a move 10 a gemu ija, mbali zonse ziwiri, ndi wotchi, akulemba ma move awo kuti aphunzitsi adzaone pomwe Bd7 ndi Rc8 zinachedwa.

Nthumwi zanu